Nyongolotsi m'magazi a galu: kusiyanitsa yakupha ndi zosavulaza

Pali cholakwika chimodzi chimene chimabwerezedwa kwambiri m'zipatala za ziweto ndi m'malabu ang'onoang'ono. Galu wabwera wofooka, wina watenga dontho la magazi n'kuika pa kagalasi, ndiye pakati pa maselo ofiira paoneka kanthu kakatali kakuphiriphitha. Pomwepo pa khadi palembedwa kuti nyongolotsi ya mumtima. Mwini galu auzidwa za mankhwala a ndalama zambiri, kapena iye mwini athamangira botolo la ivermectin ya ng'ombe. Uku akulimbana ndi nyongolotsiyo, nthenda yeniyeni imene yamugwetsa galuyo, kaya ndi ya nkhupakupa kaya njoka za m'mimba, ikupitiriza kumudya.

Chimene chimaoneka pa kagalasipo si nyongolotsi yaikulu ayi. Ndi tiana take, timene a ku labu amati microfilaria, ndipo mitundu ingapo ya nyongolotsi imabereka tiana tofanana zedi. Mwa mitundu yonseyo, umodzi wokha ndiwo umapha galu. Malangizowa ndi a alangizi a ziweto, ogwira ntchito m'labu, ophunzira udokotala wa ziweto, ndiponso eni agalu ofuna kumvetsa zimene zalembedwa pa pepala la zotsatira.

## Mitundu inayi yoyenera kuidziwa

- Dirofilaria immitis. Iyi ndiye ya mumtima. Zikuluzikulu zimakhala m'mitsempha yopita kumapapo ndi mbali ya kumanja ya mtima, ndipo yaikazi imatalika mpaka masentimita 30. Imafalitsidwa ndi udzudzu. Kuchokera tsiku limene udzudzu waluma, pamapita miyezi 6 kapena 7 kuti tiana tiyambe kuoneka m'magazi.
- Dirofilaria repens. Nayonso ndi ya udzudzu, koma imakhala pansi pa khungu. Agalu ambiri sadwala nayo. Vuto lake n'lakuti imalowanso mwa anthu n'kuyambitsa kachotupa pakhungu kapena pafupi ndi diso.
- Acanthocheilonema reconditum. Imabwera ndi nthata ndi nsabwe za agalu, n'kumakhala pansi pa khungu. Siidwalitsa.
- Acanthocheilonema dracunculoides. Imabwera ndi nkhupakupa zofiirira za agalu komanso ntchentche ina yophwatalala yokhala m'ubweya. Zikuluzikulu zimakhala m'mimba, kunja kwa matumbo. Kawirikawiri galu amangoyenda nayo osadziwika.

Kuno kwathu galu wopanda nthata kapena nkhupakupa ndi wosowa, motero mitundu iwiri yomalizayi ndiyo yoyamba kuiganizira. Ofufuza amene anayeza agalu a ku Lusaka, m'lipoti lawo la 2015, tiana timene anapeza tinali ta Acanthocheilonema. Koma musatenge zimenezi ngati chilolezo chonyozera ya mumtima. Mu 2002 inatsimikizidwa mwa agalu a m'chigawo cha Zambézia ku Mozambique, chigawo chimene tikuchita nacho malire cha ku Mulanje. Kafukufuku wa agalu a ku Lilongwe wa mu 2016 anapezanso agalu owerengeka amene chipangizo choyezera chinasonyeza nyongolotsiyi. Kumene kukutentha, kuli chinyezi ndi udzudzu wochuluka chaka chonse, mpata woti ikhalepo ndi waukulu.

## Magazi ake atengedwe bwanji

Tengani mamililita 2 kapena 3 a magazi a mumtsempha m'kachubu ka chivundikiro chapepo, kokhala ndi EDTA, mankhwala oletsa magazi kuundana. Ngati mungathe kusankha nthawi, tengani chakumadzulo, chifukwa tiana ta Dirofilaria timachuluka m'mitsempha ya kunja dzuwa likapendeka. Sungani mufiriji, koma asaundane. Musanayambe china chilichonse mufunseni mwini galu mafunso atatu: galu ali ndi miyezi kapena zaka zingati, wakhalako kapena kuyendako kuti, ndipo wabayidwa kapena kumwa mankhwala anji m'miyezi 6 yapitayi. Funso lachitatuli mulifunse kawiri, chifukwa ambiri jakisoni wa mphere samuwerengera ngati mankhwala.

Dontho la magazi pa kagalasi limangokuuzani kuti muli kanthu. Kuti mudziwe mtundu, chitani njira ya Knott, imene inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1939:

1. Sakanizani mililita 1 ya magazi ndi mamililita 9 a formalin wa 2%, n'kutembenuza chubu kangapo mpaka madziwo afiire moonekera mkati.
2. Zungulitsani mu centrifuge, makina ozungulitsira machubu, kwa mphindi 5 pa liwiro lozungulira ka 1000 mpaka 1500 pa mphindi.
3. Khuthulani madzi apamwamba, musiye zotsalira zoyererako pansi pa chubu.
4. Donthezanipo dontho limodzi la utoto wa methylene blue wa 0.1% n'kusakaniza.
5. Ikani pa kagalasi, vundikirani, yambani ndi lenzi ya 10x, kenako 40x poona mutu ndi mchira.

Formalin amawawa m'maso ndi m'mphuno ndipo ndi woopsa akamapumidwa nthawi yaitali. Valani magolovesi, tsegulani mawindo.

## Chizindikiro 1: kanthu kakuyenda m'dontho la magazi

Zoyambitsa, kuyambira chofala:

Tiana ta Acanthocheilonema. Timakhala tochepa, kamodzi kapena tiwiri pa kagalasi konse. Ka A. reconditum kamayenda ulendo weniweni: kamakankha maselo, n'kudutsa, n'kutuluka pamene mukuyang'anapo moti mumachita kusuntha kagalasi kuti mukatsate.

Tiana ta Dirofilaria. Nthawi zambiri timakhala tambiri. Ka D. immitis kamaphiriphitha mwamphamvu, maselo oyandikana nako akugwedezeka, koma pakapita mphindi mumakapeza pomwe paja. Kunenepa kwake kumafanana ndi selo lofiira la galu, limene ndi ma micron pafupifupi 7 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a milimita), pomwe ka Acanthocheilonema kamaoneka kowonda kuposa selo.

Tizilombo ta kaodzera. Iti si nyongolotsi. Ndi tating'ono kwambiri, ma micron 15 mpaka 30, kutanthauza kuti kutalika kwake ndi maselo ofiira awiri mpaka anayi basi, pomwe kamwana ka nyongolotsi kamapitirira maselo 35. Ganizirani timeneti ngati galu ndi wosakira kapena amakhala kufupi ndi nkhalango za kashembe monga Nkhotakota, Vwaza, Kasungu kapena chigwa cha Luangwa, makamaka ngati maso ake achita mtambo ndipo thupi latentha.

Ulusi wa thonje kapena fumbi. Madzi akamayenderera pansi pa kagalasi kovundikira, ulusi umaoneka ngati ukuyenda. Ulibe mutu, ulibe mchira wosongoka, ndipo m'mbali mwake ndi mosasalala.

Chochita: musalembe dzina la mtundu potengera kayendedwe kokha. Kayendedwe kamasintha ndi kuzizira kwa magazi ndi nthawi imene akhala m'chubu. Lembani kuti "microfilaria aoneka, mtundu sunadziwike", chitani Knott, yezaninso ndi chipangizo cha antigen, chimene chimafufuza m'magazi zinthu zochokera m'thupi la nyongolotsi yaikulu ya mumtima. Ngati mwaona tizilombo ta kaodzera, imani pomwepo ndi kudziwitsa dokotala wa ziweto wa boma, chifukwa mtundu wina wa tizilomboti umagwiranso anthu.

## Chizindikiro 2: Knott watheka, koma simukutha kusiyanitsa

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Pamafunika micrometer, karula koika mu lenzi ya kumaso, ndipo kakhale koyesedwa pa maikulosikopu yomweyo. Popanda karulako mukungolota. Yezani tiana tosachepera 10, osati kamodzi, chifukwa galu mmodzi atha kukhala ndi mitundu iwiri nthawi imodzi. Miyeso ili m'munsiyi imagwira ntchito pa tiana tophedwa ndi formalin wa 2% tokha. Pa kagalasi kouma kopakidwa utoto wa Giemsa timafupika, ndiye mukagwiritsa ntchito manambala omwewa mulakwitsa.

- D. immitis: kutalika ma micron 290 mpaka 330, kunenepa 6 mpaka 7. Mutu umanka nuchepa chakunsonga. Thupi ndi lowongoka, mchiranso wowongoka.
- D. repens: ndiko katali kuposa tonse, ma micron 350 mpaka 385, ndipo n'konenepa. Mutu ndi wobulungira. Mchira nthawi zambiri umapinda ngati chogwirira cha ambulera.
- A. reconditum: ma micron 250 mpaka 285, kunenepa 4 mpaka 5.5. Mutu ndi wobuntha, m'mbali mwake mofanana mpaka kunsonga, ndipo lenzi yabwino imaonetsa kambedza pamutupo. Thupi limakonda kukhota, mchira wa tina umapinda kunsonga.
- A. dracunculoides: pafupifupi ma micron 245 mpaka 265. Mchira ndi wowongoka ndi wosongoka.

Mchira umanamiza anthu ambiri. Si tiana tonse ta A. reconditum timene timapinda mchira, mwinanso opinda amakhala ochepa pa gulu lonse. Ndiye kuona mchira wowongoka si umboni wa nyongolotsi ya mumtima. Ine ndimakhulupirira kutalika poyamba, mutu kachiwiri, mchira pomalizira. Mitundu iwiri ya Acanthocheilonema imalowana miyeso, ndipo kwa galu amene ali patebulopo kuilekanitsa kulibe phindu lalikulu, popeza chochita chake n'chimodzi: kuthana ndi nthata ndi nkhupakupa.

Miyeso ikagwera pafupi ndi malire a D. immitis ndi A. reconditum, monga 283 kapena 292, kapena mukaona timitundu tiwiri tosiyana, pali njira ziwiri zotsimikizira.

Yoyamba ndi utoto wa acid phosphatase. Pa D. immitis pamatuluka madontho awiri ofiira, limodzi chakumutu lina chakumchira. Pa D. repens limodzi lokha chakumchira. A. reconditum kamafiira pafupifupi thupi lonse, pomwe A. dracunculoides kamaonetsa malo atatu kapena kuposa. Utotowu sugwira pa magazi amene akhudzana ndi formalin, n'chifukwa chake muzisiyako magazi ena m'chubu musanachite Knott. Yachiwiri ndi PCR, njira yoyeza majini a nyongolotsi, imene imatchula mtundu mosakayikitsa ngakhale itasakanikirana. Funsani ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ku sukulu ya madokotala a ziweto ya LUANAR ku Bunda, kapena ku sukulu ya Samora Machel pa University of Zambia kuti akuuzeni kumene magaziwo angayezedwe. Ku South Africa kuli labu ndi sukulu ya za ziweto ya ku Onderstepoort.

Kwa amene munaphunzira m'labu ya anthu: tiana ta Wuchereria bancrofti, timene timayambitsa matenda otupitsa miyendo ndi phudzi, timakhala m'kathumba kopyapyala. Mitundu inayi ya agaluyi ilibe kathumbako, ndipo galu safalitsa nthenda imeneyo, imene WHO inalengeza mu 2020 kuti Malawi waigonjetsa. Mukaona kamwana kokhala ndi kathumba m'magazi a galu, ndi mtundu wa Brugia, wodziwika ku Asia ndi kugombe la Kenya. Tumizani kwa akatswiri.

## Chizindikiro 3: Knott sakutuluka bwino

Ngati pa kagalasi padzaza maselo ofiira osaphulika, vuto ndi formalin. Mwina wasungunulidwa m'madzi amchere m'malo mwa madzi osungunula a m'labu, kapena mwatenga wa 10% wosungira nyama zokayeza. Konzani wina: mamililita 2 a formalin wa m'botolo, wa 37%, m'mamililita 98 a madzi.

Ngati mukuona zinyenyeswazi zokhazokha, magazi anaundana chifukwa chubu sichinatembenuzidwe atangotengedwa. Tiana timakodwa m'magazi oundanawo. Tenganinso ena.

Ngati m'dontho munali kamwana koma mu Knott mulibe, mwakhuthula mwamphamvu n'kutaya zotsalira, kapena mwangoona dontho limodzi. Onani zotsalira zonse, ngakhale zitenge magalasi atatu. Kumene kulibe centrifuge yaikulu, kachubu kopyapyala koyezera kuchuluka kwa magazi kamathandiza: mukakazungulitsa, kayang'aneni pa lenzi ya 10x pamalire a mzere woyera uja ndi madzi achikasu. Tiana timasonkhana pamenepo tikuyenda. Njirayi siitchula mtundu.

## Chizindikiro 4: chipangizo cha antigen chasonyeza kuti ilipo, koma tiana palibe

Chipangizochi chimafufuza zinthu zochokera makamaka m'thupi la nyongolotsi yaikazi yokhwima ya D. immitis. Sichiona tiana. Choncho kusiyana kwa zotsatira ziwirizi si chachilendo.

1. Galu analandira ivermectin kapena mankhwala a gulu lomwelo. Jakisoni wa mphere amapha tiana n'kusiya makolo ali moyo. Kuno ichi n'chofala kwambiri.
2. Thupi la galu likupha lokha tiana, kapena muli zazikazi zokhazokha zopanda yaimuna.
3. Chipangizo chawerengedwa mochedwa, chatha nthawi, kapena chinapsa m'galimoto. Kamzere kofooka kotuluka nthawi yolembedwa pa pepala itadutsa sikawerengedwa.
4. Nyongolotsi ina yanamiza chipangizo. Spirocerca lupi, yofala kum'mwera kwa Africa kuno, imachita zimenezi pa zipangizo zina. Imakhala m'zotupa za pa kholingo la chakudya, ndipo galu wake amabweza chakudya atangodya, n'kumawonda. Kwa agalu a ku Britain, ganizirani Angiostrongylus vasorum, imene galu amaitenga podya nkhono. Tiana take sitipezeka m'magazi koma m'chimbudzi, poyeza ndi njira ya Baermann.

Chochita: bwerezani ndi magazi atsopano pa chipangizo cha kampani ina. Zikagwirizana, galu akajambulidwe chifuwa, ndipo ngati kuli makina a ultrasound akaonedwe mtima. Kufikira yankho litadziwika, galuyo asathamange, asapite kosaka, asakwere zazikazi. Musayambe mankhwala opha zikuluzikulu potengera chipangizo chimodzi.

## Chizindikiro 5: tiana tilipo, koma chipangizo cha antigen chikuti palibe

Yankho loyamba, ndipo nthawi zambiri ndilo loona, n'lakuti tianato si ta D. immitis. Bwererani ku miyeso ija. Mukapeza kuti ndi Acanthocheilonema, muuzeni mwini galu kuti tianato si ta nyongolotsi ya mumtima, apereke mankhwala a nthata ndi nkhupakupa mwezi ndi mwezi, achape kapena kutentha zogonera, ndipo inu pitirizani kufufuza chimene chadwalitsa galuyo.

Miyeso ikaloza D. immitis, zotheka ndi izi. Zazikazi zokhwima ndi zochepa kwambiri, imodzi kapena ziwiri. Kapena chitetezo cha thupi chamanga antigen yense moti chipangizo sichikumuona. Labu yodziwa imatenthetsa madzi a m'magazi pa madigiri pafupifupi 104 kwa mphindi 10 kuti am'masule, koma dziwani kuti kutenthetsako kumachititsanso kuti D. repens ndi A. dracunculoides zizinamiza chipangizo, ndiye si chinthu chochita pa galu aliyense. Mwinanso makolo anafa kale, tiana n'kutsala, pakuti timatha kukhala m'magazi mpaka zaka ziwiri. Kamwana ka galu kosakwana miyezi 6 kakapezeka ndi tiana, tinachokera kwa make kali m'mimba, ndipo woyenera kuyezedwa ndi makeyo.

Galu wa tiana ta D. immitis ndi nkhokwe ya udzudzu wonse wa pamudzipo ngakhale chipangizo chikane. Mutengeni ngati wodwala mpaka PCR inene zina.

## Chizindikiro 6: galu akutsokomola, akutopa msanga, akuwonda

Nyongolotsi ya mumtima ili m'ndandandawu, koma si yoyamba.

- Chifuwa chopatsirana kapena chibayo, kuphatikizapo distemper. Chimayamba mwadzidzidzi, agalu ena pakhomopo akutsokomolanso, mamina ndi manthongo zikutuluka.
- Mtima wokalamba. Agalu ang'onoang'ono opitirira zaka 7 kapena 8, chifuwa chovuta usiku, phokoso lomveka mumtima pomvetsera.
- Njoka za m'mimba zikudutsa m'mapapo. Izi ndi za tiagalu ta mimba zotupa. Yezani chimbudzi.
- Spirocerca lupi. Funsani za kubweza chakudya, gwirani miyendo yakutsogolo muone ngati mafupa anenepa.
- D. immitis. Galu wamkulu, kawirikawiri wopitirira chaka, wogona panja kudera la udzudzu. Chifuwa chake n'chouma, chamiyezi, chimakula akathamanga. Galu amene ankatsogola ku uzimba ayamba kutsalira, kenako kukhala pansi ali wefuwefu, nthawi zina kukomoka. Matenda akakula mimba imadzaza madzi msana uli mafupa okhaokha.

Galu wosakwana miyezi 6 sangakhale ndi zikuluzikulu zokhwima, ndiye musataye chipangizo pa iye. Wamkulu muyezeni zonse ziwiri, Knott ndi antigen, tsiku limodzi.

Pitani kwa dokotala tsiku lomwelo ngati akutsokomola magazi, lilime lachita bii, mimba yadzaza madzi, kapena akupuma movutikira ali chigonere.

## Chizindikiro 7: nkhama zayera, mkodzo wafiira kapena wada

Apa ndi pamene kamwana ka nyongolotsi kamasocheretsa anthu kwambiri, chifukwa kamaoneka msanga pa lenzi ya 10x pomwe wakupha weniweni amafuna lenzi ya 100x ndi kudekha. Acanthocheilonema samaliza magazi. Fufuzani motere:

1. Babesia, nthenda ya nkhupakupa. Thupi limatentha kupitirira madigiri 39.5, maso ndi nkhama zimatha kuchita chikasu. Bayani kunsonga kwa khutu, tengani dontho loyamba, pakani mopyapyala ndi Giemsa. Fufuzani mkati mwa maselo ofiira, makamaka kumapeto kwa mpakowo. Tizilomboti timakhala tiwiritiwiri, tosongoka mbali imodzi.
2. Hookworm, njoka ya m'mimba yoyamwa magazi. Chimbudzi chakuda chonanda, mkodzo wabwinobwino. Imapha tiagalu tambiri. M'kafukufuku wa ku Lilongwe uja, mazira ake anapezeka m'chimbudzi cha agalu ochuluka.
3. Ehrlichia, nthenda inanso ya nkhupakupa. Kamfuno, timadontho tofiira pa nkhama ndi pamimba, kuwonda kwa nthawi yaitali.
4. Mankhwala a makoswe kapena tizilombo ta kaodzera, malinga ndi kumene galu amakhala.
5. Nyongolotsi za mumtima zatseka njira ya magazi. Izi n'zosowa koma n'zoopsa kuposa zonse. Galu amene dzulo amadya wagwa mwadzidzidzi, mkodzo wada, mtsempha wa pakhosi ukugunda moonekera, miyendo yazizira, thupi silinatenthe. Jakisoni sangathandize. Pamafunika opaleshoni yozula nyongolotsizo kudzera mumtsempha wa pakhosi, apo ayi galu amafa m'masiku awiri kapena atatu.

Yezani kuchuluka kwa maselo ofiira. Galu wabwino amakhala pakati pa 37% ndi 55%. Akatsika pa 20% si wa pakhomo, ndipo akafika cha ku 15% angafunike kuwonjezeredwa magazi.

## Chizindikiro 8: kachotupa pakhungu, kapena nyongolotsi yapezeka pa opaleshoni

Kachotupa kolimba kosapweteka nthawi zambiri ndi chithupsa, mafuta, mphutsi ya ntchentche kapena chotupa china. Mukakang'amba n'kupezamo nyongolotsi yoyera yopyapyala ya masentimita 5 mpaka 17, ganizirani D. repens. Mukapeza zing'onozing'ono zikuyenda m'mimba pofula galu wamkazi, ndi A. dracunculoides, ndipo palibe chifukwa choimitsira opaleshoni. Zonsezi musataye. Ikani mu spiriti wa 70%, osati mu formalin, kuti zikathe kuyezedwa ndi PCR. Galu wa D. repens apatsidwe mankhwala opha tiana ndi dokotala, chifukwa udzudzu umene ukumuluma ukulumanso ana a pakhomopo.

## Chizindikiro 9: galu wagwa atalandira mankhwala

Ivermectin wochuluka. Mlingo wotetezera galu ku nyongolotsi ya mumtima ndi ma microgram 6 pa kilogalamu pamwezi. Galu wa makilogalamu 20 amafunika ma microgram 120. Mililita imodzi ya ivermectin wa ng'ombe wa 1% ili ndi ma microgram 10,000, kuposa mlingowo ka 80. Galu akachulukiridwa amadzandira, amachucha dovu, maso amatong'oka osaona, kenako amakomoka. Agalu a mtundu wa Collie ndi achibale awo amagwa ngakhale ndi mlingo umene ena amapirira.

Tiana tafa tambiri nthawi imodzi. Zimachitika m'maola ochepa chilandirireni mankhwala: kusanza, nkhama kuyera, mtima kuthamanga, kugwa. N'chifukwa chake galu wa tiana tochuluka amayamba wapatsidwa mankhwala ochepetsa kutupa, n'kukhala pamaso pa dokotala tsiku lonse. Mankhwala a diethylcarbamazine asapatsidwe n'komwe kwa galu amene ali ndi tiana ta D. immitis.

Diminazene, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Berenil. Kwa agalu malire ake ndi opyapyala. Ikachuluka, kapena ikabwerezedwa masabata atatu asanathe, imaononga ubongo. Galu amauma miyendo, kulira ndi kuzungulira pakapita tsiku limodzi mpaka atatu.

Zidutswa za nyongolotsi zakufa zatseka mitsempha ya m'mapapo. Zimachitika mwa galu wobayidwa melarsomine, mankhwala opha nyongolotsi zikuluzikulu za mumtima, makamaka pakati pa masiku 7 ndi 10, ngakhale zimatha kufika sabata yachinayi. Chifuwa chimakula, thupi limatentha, magazi amatuluka potsokomola. Choyambitsa chachikulu ndi kumumasula galu msanga.

Zonse zinayi n'zothamangira kuchipatala, mutanyamula botolo la mankhwalawo. Musamumwetse mkaka kapena mafuta. Ndipo galu wochucha dovu, wodzandira, amene mbiri yake ya katemera simukuidziwa, musamupise dzanja m'kamwa. Chiwewe chimaonekanso chimodzimodzi.

## Pamene ntchito yanu yathera

Kuyeza, kusiyanitsa ndi kulangiza za nthata ndi nkhupakupa mungachite. Kuchiza D. immitis ndi kwa dokotala wa ziweto yekha. Ndondomeko imene bungwe la American Heartworm Society limalimbikitsa imatenga miyezi. Galu amamwa doxycycline, mamiligalamu 10 pa kilogalamu kawiri patsiku kwa masiku 28, kuti aphe bakiteriya wa Wolbachia amene nyongolotsiyi imadalira, pamodzi ndi mankhwala otetezera a mwezi ndi mwezi. Kenako amabayidwa melarsomine mkati mwa mnofu wa pamsana pa tsiku la 60, la 90 ndi la 91. Nthawi yonseyi, ndi masabata 6 mpaka 8 pambuyo pa jakisoni womaliza, galu amakhala womangidwa kapena m'khola, kutuluka ndi chingwe pokadzithandiza basi. Antigen amayezedwanso pakapita miyezi 9 kuchokera pa jakisoni womalizayo, chifukwa kuyeza msanga kumapeza zotsalira za nyongolotsi zakufa. Melarsomine sapezeka wamba m'maiko athu, ndipo kumene mankhwalawa kulibe, dokotala ndiye angasankhe njira yapang'onopang'ono ya doxycycline ndi moxidectin, imene imatenga nthawi yaitali mitsempha ya m'mapapo ikupitiriza kuonongeka.

Otengera galu ku South Africa afunse msanga za chilolezo. Dzikolo limafuna kuti agalu ochokera m'maiko ambiri ayezedwe D. immitis ndi matenda ena a m'magazi asanalowe, ndipo pepala longolembedwa kuti "microfilaria alipo" popanda dzina la mtundu litha kuimitsa ulendo wa galu amene ali ndi nyongolotsi ya nthata chabe. Yezani kudakali masabata okwanira kuti, tiana tikapezeka, pakhale nthawi yotumiza magazi ku PCR.